Plasma 6 pa VirtualBox ikungoda bii ndikalowa, thandizeni abale

Wa ku Area 25: Akuluakulu, ndikufuna kuyesa KDE Plasma 6, desikitopu ya Linux, ndisanaiike pa laputopu yeniyeni. Ndatsitsa ISO (fayilo yoikira sisitimu) ya Fedora KDE, mtundu wa Linux wobwera ndi Plasma, yoposa 2 GB, bandulo yonse yathera pompo, magetsi nawo anathima ili pakati mpaka kuyambiranso. Laputopuyi ndinagula mtauni, batire lake silichedwa kutha, wogulitsayo foni sakuyankhanso. Ndaika bwinobwino pa VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza (VM) mkati mwa laputopu, koma ndikalemba pasiwedi sikirini ikungoda, kamuvi ka mbewa kokha n'komwe kakuoneka. Ikatseguka ikuyenda ngati nkhono. Ndataya bandulo pachabe?

Wa ku Biwi: Achimwene, zonsezi mwanena koma RAM ndi yochuluka bwanji? Pa laputopu yeniyeniyo pali Windows kapena Linux?

Mkulu wa maseva: VirtualBox ya chiyani? Ikani virt-manager ndi QEMU/KVM, njira ina yoyendetsera VM. Pa Video sankhani Virtio, chongani 3D acceleration, pa Display Spice ikani Listen type ikhale None kenako muyatse OpenGL. Mkati mwa VM muikemo spice-vdagent kuti sikirini izitambasuka yokha. Nkhani yatha.

Wa ku Biwi: Akulu, KVM ili mu kernel ya Linux. Ngati munthuyu ali pa Windows, zimenezo sizimuthandiza.

Mkulu wa maseva: Ndiye afufute Windows! Munthu wofuna Plasma akusungiranji Windows?

Mayi wa ku Area 47: Musiyeni mwana aphunzire. Mwanawe, zimitsa kaye VM, pita ku Settings, Display. Graphics Controller ikhale VMSVGA, Video Memory uyikweze mpaka 128 MB, chifukwa nthawi zambiri imayambira pa 16 MB ndipo n'zochepa kwambiri. 3D Acceleration ngati yayatsidwa, izimitse uyesenso. Ngati yazimitsidwa, iyatse. Kuda kumeneku kawirikawiri kumachokera pomwe KWin, pulogalamu ya Plasma yoyendetsa mawindo, ikukanika kugwirizana ndi dalaivala wa sikirini pa Wayland, njira yatsopano yoonetsera zinthu pa sikirini. Uipatse ma CPU 2 ndi RAM 4 GB, koma usapitirire theka la yomwe ili mu laputopu.

Wa ku Kawale: Pomwe mukulemba pasiwedi pansi kumanzere sankhani Plasma X11, njira yakale ija m'malo mwa Wayland, basi.

Mkulu wa maseva: Ayi. Kuyambira Fedora 40, mu 2024, X11 ya Plasma sibweranso nayo. Mpaka uiike wekha plasma-workspace-x11. Mukumubwezera munthu kumbuyo m'malo mokonza vuto.

Wa ku Kawale: Sikirini yakuda aiika bwanji ndiye?

Mayi wa ku Area 47: Adine Ctrl ya kudzanja lamanja pamodzi ndi F3, pabwera polemba malamulo. Alowe, alembe sudo dnf upgrade kuti atsitse mapulogalamu atsopano, ayambitsenso. Koma zimenezi zidya bandulo ina, mwina yoposa 1 GB, ndiye ayambe ndi za Display zija zomwe n'zaulere. Ndipo asanagwire chilichonse atenge snapshot, kusunga VM momwe ilili kuti adzathe kubwerera zikavuta.

Wa ku Chinsapo: Makina a kaunjika safuna Plasma aise. Ikani desikitopu yopepuka ngati Xfce kapena LXQt, ngakhale RAM ya 2 GB imanyamula.

Wa ku Area 25: Zikomo nonse. Video Memory inalidi pa 16 MB, tsopano ikutseguka. Koma kuchedwa kudakalipo. Pansi kumanja pali kachithunzi ka kamba wobiriwira, ndi chiyani?

Wa ku Biwi: Ndiye muli pa Windows! Kamba ameneyo akusonyeza kuti Hyper-V, pulogalamu ya Windows yoyendetsa ma VM, yalanda VT-x, mbali ya CPU yothandiza ma VM kuthamanga, ndiye VirtualBox ikudutsira pa Hyper-V. Mu Windows Features chotsani Hyper-V, Virtual Machine Platform ndi Windows Hypervisor Platform, mu Core isolation zimitsani Memory integrity. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani bcdedit /set hypervisorlaunchtype off, muyambitsenso laputopu. Dziwani kuti WSL 2, yoyendetsa Linux mkati mwa Windows, isiya kugwira ntchito, komanso Memory integrity ndi chitetezo, mukamaliza kuyesa muyatsenso.

Mkulu wa maseva: Pa KVM kulibe kamba. Mavuto onsewa ndi ofuna dala.

Wa ku Biwi: RAM yanu ija achimwene simunatiuzebe. Ngati ndi 4 GB, musavutike ndi VM: lembani ISO yomweyo pa fulashi ndi Ventoy kapena Fedora Media Writer, muyese Plasma osaiika pa hard disk.