Kodi tsokonombwe anatha mtunda uti?

Wa pa Thabwa: Akuluakulu, tandithandizani. Mnyamata wina pasiteji pano amanena mnzake amene mwezi uno akugulitsa nsomba, mwezi wamawa ali pa kabaza, winawo makala, kuti "ameneyu ndi tsokonombwe, anatha mtunda ndi kudumpha." Azakhali ena anamudzudzula pomwepo kuti mwambi waugwira chadodolido. Ndiye tsokonombweyu amatamandidwa kapena amanyozedwa?

Mayi wa ku Ngabu: Azakhaliwo sanalakwe. Mnyamatayo amafuna wa pusi uja, "ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada." Wa tsokonombwe agogo ankautchula pogawa ndime. Iwo sankanena kuti "kapalireni munda" ayi. Madzulo ankakazika bango pomwe khasu la mawa likathere, ndipo wofika pabango ankaweruka, kaya dzuwa likadali pansi. Tawerengani nokha. Ekala ndi mamita pafupifupi 64 mbali zonse. Mizere yotalikirana masentimita 75 imakwana 85. Mukamapalira mizere 6 m'mawa uliwonse, pa masiku 15 mwatuluka. Amene amagwa ndi uja amayamba ndi mizere 15 tsiku loyamba kuti anthu amuone: mawa lake matuza, mkuja msana, kenako wapita kumsika kukapuma, ndipo pomwe azibwerera, udzu wa komwe anayambira wadzukanso. Ndime izikhala yoti ungaibwereze ngakhale tsiku limene wadzuka wofooka. Komanso kuno kwathu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye ndime yosatha 9 koloko isanakwane ndi ndime yabodza.

Gogo wa kwa Tengani: Ana anga, nonse mukuumva ngati anthu akutauni. Kuno kuchigwa tikati mtunda sitinena kutalika kwa ulendo. Tili ndi minda iwiri: wa kumtunda, kumphala, komwe timadzala mapira, mchewere ndi thonje nthawi ya mvula, ndi wa kudimba komwe timatsikira madzi akaphwa. Tsokonombwe anatha munda wa kumtunda. Tsamba ili lero, tsamba ilo mawa, mwini munda akuti "aa, n'kachiwala kamodzi." Amayi anga ankaunena akaona munthu akutapa kambale kamodzi m'thumba la mbewu, ati adzabweza. Ndi chenjezo limenelo.

Mlangizi wopuma, Nchalo: Agogo, ndi ulemu wonse, kachirombo kake sikakuvomereza. Tsokonombwe ndi chiwala chachikulu, cholemera, chotuwa ngati dothi, ndipo nthawi zambiri mumachipeza chokha. Kuuluka ngati anzake sichitha, n'chifukwa chake makolo anachisankha: chopanda liwiro koma chimafika. Zotha munda timazidziwa. Dzombe limabwera ngati mtambo. Nunkhadala, uja wamawangamawanga wonunkha, amaunjikana pa chinangwa ndi thonje. Ntchembere zandonda zatizunza pa chimanga kuyambira cha m'ma 2017. Akadafuna chenjezo akadatchula dzombe.

Koma pa thonje ndi pomwe mwambiwu umaoneka bwino. Thonje silifuna mphamvu zambiri tsiku limodzi, limafuna kubwerabwera. Likamera, pakatha masabata awiri kapena atatu mupatulire. Mukachedwa mbewu zimapikisana n'kukula zoonda. Kenako sabata iliyonse muziyenda m'mundamo modutsa pakati kuchoka ngodya iyi kukafika iyo, kutembenuza masamba, kuyang'ana mazira, mbozi ndi nsabwe. Mbozi ikadali yaing'ono mankhwala amaipeza. Mukadumphitsa masabata awiri yalowa kale m'kati mwa chibalobalo cha thonje, ndipo ngakhale muthire kawiri mukungosambitsa masamba. Ndipo kudumpha komaliza, kumene ambiri amakusiya chifukwa ndalama alandira kale, ndi kuzula mapesi n'kuwatentha. Mukawasiya, mbozi zimagonera momwemo kudikira thonje la chaka chamawa, lanu ndi la oyandikana nawo.

Gogo wa kwa Tengani: Bambo alangizi, mwandithandiza osadziwa. Sabata imodzi yodumphitsa, kenako ina, munda watha. Si zomwe ndanena zija? Mwini kudumpha ndi amene watha mtunda.

Mlangizi wopuma, Nchalo: Ayi agogo, kudumphitsa ndi kwina, kudumpha ndi kwina.

Msungichuma wa banki m'khonde, Bangula: Ine agogo anga aakazi ankaunena poponya chibakera cha mapira m'mphika wapadera nthawi iliyonse akamasinja, kuti Febuluwale akadzafika pakhale poyambira. Ndi zomwezo timachita m'gulu. Anthu 15 mpaka 25, kukumana sabata iliyonse tsiku lomwelo, ola lomwelo. Aliyense amagula masheya kuyambira imodzi mpaka zisanu. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Ngongole sipitirira katatu pa zomwe wasunga. Chaka chikamatha timagawana.

Malamulo onsewa alipo chifukwa mtima wa munthu payekha ndi wosadalirika. Ndalama ili m'chitenje imamva kulira kwa mandasi. Choncho amene akufuna malata kapena mbuzi asamadalire kulimba mtima, aike ndalamayo pomwe dzanja lake lokha silingafike. Magulu amene amafa, amafa motere: mtengo wa sheya amauika pamwamba nthawi yogulitsa thonje kapena chitowe, aliyense ali ndi ndalama, ndiye Januwale akafika theka la anthu sakwanitsa n'imodzi yomwe, amachita manyazi, amayamba kujomba. Sheya muziiyeza ndi mwezi wa njala. Chachiwiri, kukhululukirana chindapusa cha kuchedwa. Mukakhululukira wapampando kamodzi, pakutha miyezi iwiri msonkhano wa 2 koloko uziyamba 4 koloko. Chachitatu, munthu wosanena chomwe akusungira. Amene walembetsa m'kope kuti "malata 12" pamaso pa anzake, tsiku logawana amachita manyazi kupita nazo kumowa.

Gogo wa kwa Tengani: Mwanawe, kukhululuka kamodziko ndiye tsokonombwe amene ndikunenayo. Nonse mukabwera ndi zitsanzo mukumathera kwa ine.

Mphunzitsi, Chikwawa Boma: Agogo, kusukulu timaphunzitsa kuti ndi mwambi wa kupirira, m'bale wake wa "pang'onopang'ono ndi mtolo." Koma chimene chikundiwawa ine n'chakuti ana ambiri a Fomu 2 tsokonombweyo sanamuonepo, kapena anamuona koma dzina sakulidziwa. Chilichonse chodumpha kwa iwo ndi chiwala. Bwannoni, dzombe, nunkhadala, zonse chiwala. Nanga mwambi angaumve bwanji? Ukawafunsa za kuwerenga akuti "tiphusha mayeso akayandikira." Mwana amene amawerenga mphindi 40 m'bandakucha uliwonse kuyambira Fomu 3, phunziro limodzi patsiku, n'kumadziyesa ndi mafunso a mayeso akale Loweruka, amamusiya kutali uja wogona m'kalasi masabata atatu omaliza ndi miyendo m'beseni la madzi.

Mayi wa ku Ngabu: Aphunzitsi mwanena. Masiku ano ntchito iliyonse ndi "geni", kulimbikira ndi "kuhasula". Mawu akuti ndime ana anga amawadziwa a m'Baibulo okha.

Mnyamata wa kabaza, Dyeratu: Makolo, mutikhululukire, koma musatinyoze tonse. Mnzathu wosinthasintha malondayo mwina si pusi. Nsomba zili ndi nyengo yake, msewu ukaduka ndi madzi ngati nthawi ya Freddy mu 2023 kabaza amaima, ndiye munthu adye chiyani? Ngati cholinga chake ndi chimodzi, tinene kugula njinga yamoto yakeyake, ndipo tsiku lililonse amapatula kenakake asanagule ndiwo, ameneyo akudumpha molunjika. Paja mumati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Miyambi timaidziwa, kungoti timaiyankhula mwathumwathu.

Msungichuma wa banki m'khonde, Bangula: Achimwene, ngati amapatuladi asanagule ndiwo, abwere m'gulu. Koma funso ndi limodzi: mpamba wa nsomba unapita kuti pomwe ankalowa makala? Ngati ulipo, ndi tsokonombwe. Ngati anadya n'kukakongola wina, ndi pusi.

Mphunzitsi, Chikwawa Boma: "Mwathumwathu" ameneyo ndi amene watipatsa ana olemba "bho" m'chimangirizo.

Wa pa Thabwa: Takhuta nonse. Ndiye ndikawauze azakhali aja kuti anakhoza?

Gogo wa kwa Tengani: Ukawauze kuti anakhoza theka. Ndipo uwafunse kwawo n'kuti. Ngati ndi a ku Thyolo kapena ku Blantyre, n'chifukwa chake mtunda amaumva ngati ulendo. Alangizi, za kachirombo ndamva, koma amayi anga sankawerenga mapiko a chiwala, ankaona thumba la mbewu likuphwa.

Mlangizi wopuma, Nchalo: Agogo, ku Nsanje komweko tafunsani achikulire ena awiri, osawauza maganizo anu poyamba, mutibweretsere zomwe anene.