Kasitomala akuchepa thupi mwezi ndi mwezi, ukwati uli mu December: nsaluyi ndiidule bwanji?

Telala wa ku Chilomoni:
Akuluakulu ndi anzanga nonse, mwaswera bwanji. Ndathedwa nzeru pano, ndithandizeni. Ndili ndi mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, ndakhala ndikuwasokera zaka zoposa zisanu. Kuchipatala adawapeza ndi shuga komanso BP, ndiye adasintha kadyedwe, akuyenda pansi popita kuntchito. Thupi likuchepa ndithu. M'buku langa muyeso wa May ukuti chifuwa mainchesi 46, m'chiuno 44, mahipi 50. Dzulo ndawayezanso: 43, 39, 47.

Mwana wawo akukwatiwa Loweruka lachiwiri la December. Abweretsa nsalu yomwe akomiti adasankhira akuchikazi, mamita 6, ndipo akuti kusitolo idatha, yina kulibe. Ndikadula pa muyeso wa lero, pofika tsikulo chovala chidzakhala ngati chobwereka. Ndikadula mongoganizira kuti m'chiuno adzafika pa 36, nanga akapanda kufikapo? Chinanso, diresi lawo lakale ndalibweza kale kawiri, m'chiuno muli bwino koma khosi layasama, m'khwapa mwatsika mpaka bra akuoneka. Ndalakwitsa pati?

Madala a ku Limbe:
Mwana wanga, choyamba ika sizasi pansi. Lero ndi pa 10 October, ukadali ndi miyezi iwiri, ndipo sabata ino tonse tili m'chipwirikiti cha zitenje za tsiku la anakubala la pa 15. Nsalu yosapezekanso siidulidwa munthu ali ndi tulo m'maso.

Pa diresi lakale ukufunsa walakwitsa pati. Wakhala ukubweza m'mbali mokha, mapewa osawakhudza. Chovala chimakolekeka pamapewa ngati pahang'ala. Munthu akachepa thupi, nyama ya pamapewa ndi kumsana nayo imachoka, ndiye chovala chonse chimatsetserekera pansi. Ndi chifukwa chake khosi layasama. Masula manja onse awiri, kweza msoko wa paphewa ndi theka la inchi kapena kuposerapo pang'ono, jambulanso m'khwapa ndi choko, kenako bwezera manja. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo ambirife timaithawa chifukwa kasitomala amafuna kulipira mtengo wa kupinda thalauza.

Mayi a ku Area 25:
Madala anena zoona. Koma pa nsalu yatsopanoyo ine ndikuti diresi aliiwale. Tawonani manambala anu omwewo achimwene. M'chiuno mwachoka mainchesi 5, pachifuwa 3, mahipi 3. Thupi silichepa mofanana paliponse. Diresi limamanga zonsezi pamodzi, ukakhudza apa pasokonekera apo. Asokereni siketi payokha, bulauzi payokha, mamita otsalawo akhale a duku ndi mpango wa paphewa.

Siketi ikhale ya mapisi sikisi. Chifukwa chake ndi masamu chabe. Msoko umodzi ukaulowetsa kota ya inchi, wachotsa theka la inchi chifukwa nsalu zili ziwiri. Misoko sikisi, ndiye kuti mainchesi 3 apita, koma palibe amene angaloze pomwe wabweza. Yesani kuchotsa mainchesi 3 omwewo pamisoko iwiri ya m'mbali muone, maluwa a chitenje amadukira pakati ndipo siketi imatuluka makutu pamahipi.

Zipi ikani kumbuyo pakati penipeni. Chonde osaika m'mbali. Zipi ya m'mbali ndi imene imatigonetsa mochedwa, ukafuna kubweza uyenera kuichotsa kaye.

Telala wa ku Chilomoni:
Amayi, nanga lamba wa m'chiuno? Mayiwa amadana ndi lasitiki, amati amawaonetsa ngati avala yogonera.

Mayi a ku Area 25:
Kutsogolo lamba akhale wosalala, woumitsa bwinobwino. Lasitiki akhale kumbuyo kokha, zidutswa ziwiri, uku ndi uku kwa zipi. Bulauzi ikavindikira ndani amuona? Mukapeza lasitiki uja wa mabowo, amene amakhala m'mathalauza a ana a pakaunjika, ndiye mwaphula. Mumangosokerera batani mkati, iwo eni azikoka n'kukoleka bowo lomwe akufuna. Ine ndimagula timathalauza tong'ambika kumsika wa Tsoka ku Lilongwe kuno n'kuchotsamo lasitikiyo.

Mtsikana wa ku Mzuzu:
Ine ndikadaika zingwe zolukana kumsana ngati za madiresi a akwati. Zimakupatsa mainchesi 4 kapena 5 osewera nawo popanda kugwira makina. Ndasokera mabridesimedi ambiri choncho, wina anenepe wina aonde, tsiku la ukwati timangokoka.

Madala a ku Limbe:
Mayi wa mkwati, msana pamtunda, zingwe lakatalakata, akuvina pa perekaniperekani pamaso pa asebere awo? Ayi mdzukulu wanga, zimenezo siyirani atsikana anzanu.

Mtsikana wa ku Mzuzu:
Agogo, sindinati msana ukhale pamtunda, kuseri kwa zingwe timaikako nsalu yotchinga. Komabe ndamva. Mwina tizingwe tiwiri totuluka m'misoko ya m'mbali, tomangira kumbuyo ngati lamba. Ameneyo ndi sitayilo ya amayi athu kuyambira kale, palibe angadabwe.

Madala a ku Limbe:
Pamenepo tagwirizana.

Telala wa ku Chipata:
Ndilowererepo kuchokera kuno ku Zambia. Pali kachinyengo kena pa bulauzi kamene ambiri sakutsata. Osasoka dzanja kukhala paipi kenako n'kulilowetsa m'khwapa. Lumikizani mapewa, sokererani dzanja lili chitambasukire, mukatero sokani msoko umodzi kuchokera kumapeto kwa dzanja, kudutsa m'khwapa, mpaka pansi pa bulauzi, monga amasokera shati ya abambo. Tsiku lobweza mungoyenda mzere umodzi womwewo, dzanja, khwapa ndi m'mbali zonse zichepera limodzi. Mphindi khumi mbali imodzi.

Laining'i, nsalu ya mkati ija, nayenso musamumangirire m'misoko ya m'mbali. Alendewere payekha, agwire pakhosi ndi m'mapewa basi. Apo ayi mudzakhala mukumasula zovala ziwiri pamtengo wa chimodzi.

Koma pamanja samalani. Munthu amene wachepa thupi ali wamkulu kale, khungu la pamkono limatsala lolendewera, silibwerera msanga ngati la mtsikana. Mukathina dzanja chifukwa tepi yakuuzani kuti mkono wachepa, adzalephera kukweza mkono, ndipo kutentha kwa December kudzawasupula m'khwapa. Dzanja lifike pachigongono, likhale lotayako. Laining'i wa pamenepo akhale wa kotoni, osati uja woterera amene amamata thukuta.

Mayi a ku Zomba:
Ndinene zanga zimene zidandiphunzitsa, mwina zithandiza wina. Chaka china ndidali ndi kasitomala ngati ameneyu, wa kubanki. Ankabwera mwezi uliwonse ndi thumba la zovala, ine kubweza, n'kumadula nsalu yotsala mkati kuti msoko ugone bwino. Ndinkadziona katswiri. Idafika Khirisimasi, kenako adapita kumudzi nyengo ya mondokwa, pofika April mainchesi awiri adabwerera. Adandibweretsera masiketi asanu ndi jekete kuti ndikulitse. Ndikulitse ndi chiyani, nsalu ndidasesa kalekale n'kutaya kudzala? Adandiyang'ana osanena kanthu, n'kunyamula thumba lake. Mpaka lero ndikakumana naye pamsika amandipatsa moni wa pakamwa pokha.

Chichokereni tsiku limenelo, wochepa thupi sindimudulira. Ndimapinda nsaluyo mkati, kuisita igone mbali imodzi, basi. Ndipo msoko wakale sindiumasula ngati sukusokoneza, ndimangosoka watsopano mkati mwake ndi sitichi zotalikirako kuti zisavute kuchotsa. Paja chitenje chimasunga zipsera, singano ikadutsa timabowo timatsala, ndipo chikachapidwa kangapo mzere wa msoko wakale umaoneka mtundu wina.

Telala wa ku Chilomoni:
Apa mwandilasa amayi, pa diresi lija ndidadula kale ulendo wachiwiri.

Ndiye tinene kuti ndidule pa muyeso wa dzulo?

Madala a ku Limbe:
Wa dzulo, osati wa m'maloto. Kuchepetsa chovala n'kotheka nthawi zonse, kukulitsa kumadalira chimene udasiya mkati. Dula pa 43, 39, 47, usiye inchi yathunthu m'misoko ya m'mbali. Usanadule viika nsaluyo m'madzi, iume, uisite. Chitenje cha kotoni chimafupika chikachapidwa koyamba, ngakhale chikhale cha ku David Whitehead kapena chochokera ku Dar es Salaam, ndipo zina zimakhala ndi sitachi wambiri moti ukayeza chisanachapidwe ukudzinamiza.

Usoke zonse mongogwiriza kumayambiriro kwa November, adzayese. Mapewa ndi khosi umalize nthawi yomweyo chifukwa mafupa sasintha m'masabata anayi. M'mbali, madati (timisoko tija toumba chovala pachifuwa ndi m'chiuno) ndi mpendero usiye mpaka patatsala masiku khumi. Osati masiku awiri, magetsi akadzazima udzalira ndi mayi wa mkwati ali pakhomo.

Mayi a ku Area 25:
Pobwera kudzayesa muwauze avale bra yemwe adzavale tsikulo, ndipo akhale watsopano wa saizi yawo ya panopa. Azibambo mumachita manyazi kunena zimenezi. Bra wakale wa 46 pathupi la 43 amatsitsa chifuwa, inu mukalondola pamenepo dati idzaloza pamimba. Ngati zikukuvutani kunena, tumani akazi anu awauze.

Telala wa ku Chilomoni:
Ndituma mayi a kunyumba, ine pakamwa pangalemere.

Pali china chimene sindidanene poyamba. Dzulo ndikuwayeza, mayiwa adagwetsa misozi. Akuti kusukulu anzawo amanong'onezana, wina adachita kuwakokera pambali n'kuwafunsa ngati adayamba kulandira mankhwala. Ku Mvano nako, bulauzi yoyera ija ikungolendewera, amayi ena akuwayang'ana mwachisoni ngati ofedwa. Munthu akuchita zimene adokotala adamuuza, shuga watsika, mawondo asiya kupweteka, koma akuyenda chozyolika.

Mayi a ku Zomba:
Kwathu kuno kunenepa timati mtendere, kuonda timati matenda kapena banja lavuta. Zaka zija za maliro tsiku ndi tsiku zidatisiyira diso loipa, tikaona kolala yatalikira khosi timayamba kuwerengera munthu masiku. Koma taonani bwino, chimene anthu akuona si thupi lawo, ndi chovala chopanda mwini. Munthu yemweyo mumuveke bulauzi yokhala bwino pamapewa, omwewo adzati mwatsitsimuka, mukudya chiyani.

Ndiye achimwene, musadikire December. Auzeni abweretse yunifolomu ya Mvano ndi zovala ziwiri kapena zitatu zimene amapita nazo kuntchito kawirikawiri. Zimenezo zikonzeni bwino, mapewa omwe. Zotsalazo apinde aike m'sutikesi mpaka thupi litakhazikika miyezi itatu osasintha. Kubweza wadiropu yonse mwezi uliwonse n'kuwadyera ndalama. Masiku ena azimanga chitenje ndi bulauzi yabwino, chitenje sichifunsa saizi.

Ndipo poyeza, nambala muzingolemba m'buku. Mawu oti "koma ndiye mwatha" asatuluke pakamwa panu, ngakhale mwanthabwala.

Mnyamata wa ku Johannesburg:
Ndiwonjezere pang'ono. Awa tikudziwa kuti ali m'manja mwa achipatala. Koma ife atelala ndi amene timayamba kuona, chifukwa tepi sinama. Kasitomala akamachepa iye osafuna, akudandaula ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, chifuwa cha masabata angapo kapena thukuta la usiku, kumuuza mwaulemu kuti akayezetse si miseche. Ine malume anga adadziwika shuga chifukwa telala wawo adadabwa kubweza thalauza limodzi katatu.

Poti ndatchula thalauza: la abambo musapitirire mainchesi awiri pamsoko wa kumbuyo. Mukapitirira, matumba akumbuyo amakumana pakati ngati akupatsana moni. Zikafika apo gawani, zina muchotse m'mbali.

Mtsikana wa ku Mzuzu:
Nanga mtengo mupanga bwanji? Kuyesa katatu konseko ndi nthawi. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 uja, ulusi, zipi, laining'i, zonse zidakwera, koma makasitomala akufunabe kubweza kukhale kwa basela.

Madala a ku Limbe:
Unene mtengo umodzi pachiyambi, uwauze kuti muli kusoka, kuyesa kawiri ndi kubweza komaliza. Ulembe m'buku iwo akuona. Ukamatchula ndalama ulendo uliwonse adzayamba kuthawa kuyesa, n'kudzatulukira Lachisanu usiku ukwati uli mawa. Za yunifolomu ya Mvano ndi zakuntchito ndi nkhani ina, ndipo kukweza mapewa kuli ndi mtengo wake, usauphatikize ndi kubweza m'mbali.

Telala wa ku Chilomoni:
Ndabwereranso akuluakulu. Mayi aja adabwera Loweruka ndi bulauzi ya Mvano. Ndidamasula manja, kukweza mapewa theka la inchi, kolala ndidaichepetsa kumbuyo pakati. Sindidadule kanthu kupatula m'khwapa momwe munalibe kuchitira mwina. Atavala adaima pagalasi nthawi yaitali, akutembenuka uku ndi uku, kenako adafunsa ngati ndingathe kuchita chimodzimodzi ndi jekete lawo lakuda. Ndawauza kuti jekete lili ndi laining'i ndi mapadi a m'mapewa, ndiliona kaye.

Nsalu ya ukwati ndaviika, ili pachingwe. Yafupika pafupifupi mainchesi 4 pa mamita 6 aja, ndiye Madala mudandipulumutsa. Chatsala ndi lasitiki wa mabowo uja. Ndazungulira mu Limbe dzulo osamupeza. Amene ali ku Blantyre kuno ndipo ali naye, mita imodzi yokha indikwanira, ndidzatenga ndekha.