Kodi wophunzitsa akuluakulu ayenera kukhala ndi pepala la uphunzitsi?

MayiWaAwiri:
Moni nonse. Ndili ndi funso landisowetsa tulo. Ine ntchito yanga ndi ya maakaunti, ndagwira zaka 14, ndiye kumalo kumene kumaphunzira akuluakulu madzulo andipempha kuti ndizikaphunzitsa kalembedwe ka mabuku a bizinesi kawiri pa sabata. Ndavomera inde koma mtima sukukhala m'malo chifukwa ku koleji ya aphunzitsi sindinapondeko, choko sindinagwirepo. Nditafunsa za anzanga ophunzitsa kumeneko ndamva kuti wina ndi namwino, wina makaniko, wina anapuma uphunzitsi wa pulayimale, wina ndi loya. Inu amene munaphunzitsapo kapena kuphunzirapo m'makalasi otere, zimenezi ndi zabwinobwino? Sitikuwalakwira anthu amene akudzimana kuti alipire fizi?

GogoChoko:
Mwana wanga musaope, koma mumve zimene zinandionekera ine. Ndinaphunzitsa ana zaka 31, pepala ndili nalo, ndiye nditapuma n'kuyamba kuthandiza kalasi ya akuluakulu ofuna kudziwa kulemba ndi kuwerenga ndimati imeneyi ndi ntchito yopepuka. Sabata yoyamba yomweyo ndinaitana bambo ena achikulire kuti abwere kutsogolo adzawerenge pa bolodi monga ndimachitira ndi ana. Anadodoma pa mawu awiri, wina kumbuyo anaseka pang'ono chabe, bambo aja anakakhala pansi osanena kanthu ndipo sanabwerenso. Mpaka lero zimandiwawa. Mwana ukamuchititsa manyazi mawa makolo amukankha abwere, koma munthu wamkulu palibe womukankha, wabwera yekha atatopa ndi ntchito, wasiya ana kunyumba, komanso kuti afike pakhomo la kalasipo walimbana ndi manyazi kwa zaka. Ndinasiya cholembera chofiira, ndinasiya kuloza munthu kuti ayankhe, mipando tinayamba kuika mozungulira. Ndiye pepala langa lija linandithandiza kukonza phunziro mwadongosolo, zimenezo sindikana, koma zambiri zimene ndinazolowera ndinachita kuzivula ngati malaya.

Wamawaya:
Agogo mwanena zoona koma ine ndiyankhule ngati wophunzira. Ndinachita kosi ya zamagetsi ya madzulo ndili ndi zaka 38. Amene amatiphunzitsa anali munthu woidziwa ntchito heavy, zaka zambirimbiri akuika mawaya m'nyumba, akangoyang'ana soketi wadziwa kale vuto. Koma kufotokoza eee kunali kovuta. Amagwira waya, kusenda, kulumikiza, kumanga, mphindi imodzi basi kenako n'kutifunsa kuti mwaona eti? Ife osaona kanthu. Sikuti anali ouma mtima ayi, koma munthu ukaizolowera ntchito manja amathamanga okha ndipo masitepe ang'onoang'ono umawadumpha osadziwa kuti wadumpha. Zinasintha tsiku limene mayi wina anawauza poyera kuti aphunzitsi ikani manja m'thumba muzingotiuza ife tizipanga. Kuyambira pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake switchi imaikidwa pa waya wa live osati wa neutral. Ndiye mayi inu chenjerani ndi zomwezo, debit ndi credit, mbali ziwiri zija zolembapo ndalama m'mabuku a maakaunti, kwa inu ndi ngati kupuma mpweya koma kwa iwo ndi chinenero chachilendo.

Nyenyezi_K:
Amayi, zimene mwapeza kumeneko si zachilendo, maphunziro a akuluakulu anakula choncho kuyambira kale. Paulo Freire wa ku Brazil amene dzina lake limatchulidwa paliponse pa nkhaniyi anaphunzira zamalamulo ku Recife, uloya sanapitirize nawo. Mu 1963 ku Angicos iye ndi gulu lake anaphunzitsa anthu pafupifupi 300 kulemba ndi kuwerenga m'masabata ochepa, ndipo njira yake inali yoyamba kaye wamvetsera mawu amene anthuwo amayankhula tsiku ndi tsiku kenako phunziro n'kulimanga pa mawu omwewo. Ku Britain bungwe lophunzitsa anthu apantchito la Workers' Educational Association linayamba mu 1903 ndipo amene analiyambitsa, Albert Mansbridge, anali kalaliki wosiya sukulu ali ndi zaka 14. Ku America Malcolm Knowles anayambira ku bungwe la achinyamata achikhristu la YMCA kukonza makalasi a akuluakulu, ndipo ndi iye anatchukitsa mawu akuti andragogy, kutanthauza kaphunzitsidwe ka akuluakulu. Mfundo zake n'zimene agogo ndi achimwene anena pamwambapa, kuti wamkulu amafuna adziwe chifukwa chake akuphunzira chinthu, amabwera ndi zimene wakumana nazo m'moyo, ndipo amafuna chimene waphunzira lero akachigwiritse ntchito mawa osati pakatha zaka khumi. Komanso ku Cuba mu 1961 achinyamata pafupifupi 100,000, ambiri ana asukulu, anapita kumidzi kukaphunzitsa ndipo anthu oposa 700,000 anadziwa kuwerenga chaka chimenecho. Inu muli ndi chinthu chimene mphunzitsi wa m'buku alibe, munaonapo bizinesi ikugwa chifukwa mwini wake amasakaniza ndalama za shopu ndi za pakhomo.

BamboMfundo:
Ine ndisiyana nanu pang'ono achemwali Nyenyezi. Za ku Cuba zija ngakhale achinyamata aja anawaphunzitsa kaye asanawatumize ndipo anawapatsa mabuku owatsogolera, sanangowataya m'mudzi. Chimene chimandidandaulitsa ine n'choti malo ambiri amatenga namwino kapena makaniko n'kumupatsa kalasi Lolemba osamuonetsa ngakhale kakonzedwe ka phunziro, amamulipira maola okhawo amene waima kutsogolo, nthawi yokonzekera ndi yochonga sawerengera, ndiye chaka chisanathe watopa wachoka kwabwera wina. Ovutika ndi ophunzira. Komanso pali kusiyana, ngati kosiyo ili ndi mayeso a bungwe lakunja kwa sukuluyo ndiye silabasi muyenera kuidziwa bwinobwino, luso la kuntchito palokha silikhozetsa mayeso chifukwa kuntchito timadulira njira zimene wochonga sangavomere. Mayi afunseni akuluakulu a pamalopo ngati ali ndi maphunziro aafupi a kaphunzitsidwe, akati alibe pemphani mukhale nawo m'kalasi ya mphunzitsi wopuma uja kawiri katatu musanayambe yanu.

MayiWaAwiri:
Zikomo kwambiri nonse, agogo nkhani ya bambo aja yandikhudza. Bambo Mfundo ndafunsa lero, mayeso akunja kulibe, ndi satifiketi ya pamalopo basi, ndipo mphunzitsi wopuma uja wavomera kuti ndikakhale kumbuyo m'kalasi mwake Lachinayi. Ndimati ndiyambe ndi debit ndi credit koma ndasintha, tsiku loyamba aliyense abwere ndi kope kapena malisiti amene amalembamo za bizinesi yake tiyambire pamenepo. Chimene chikundivutabe n'choti ena safuna anzawo aone ndalama zimene amapeza, ndiye ndikuganiza zokonza kope lachitsanzo la bizinesi yongopeka kuti tizigwiritsa ntchito pagulu, zawozo ndizionera payekhapayekha tikaweruka. Achimwene Wamawaya, inu munali angati m'kalasi mwanu? Ine andiuza kuti alembetsa 26 ndipo sindikudziwa ngati maola awiri angakwane kuti ndimuone aliyense.