Za funso langa lija la uphunzitsi wa Chitchaina

Abale, miyezi yapitayi ndinafunsa ngati munthu amene anayamba Chitchaina atakula angalowe yunivesite n'kudzakhala mphunzitsi wa chilankhulochi. Ambiri munandiuza kuti ndiyambe ndalemba mayeso a HSK, oyesa mmene munthu wakunja akudziwira Chitchaina. Munanena zoona.

Ndakhoza HSK 4, gawo lachinayi la mayesowa, limene linkafuna mawu pafupifupi 1,200 pamene ndinkalemba, ndipo ndalembanso HSKK, mayeso a kulankhula. Mapepala ndatumiza kale ku Beijing Language and Culture University, pamodzi ndi pempho la thandizo la fizi. Tsopano ndikungodikira, mtima uli m'mwamba.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti kudziwa chilankhulo ndi kuchiphunzitsa n'zosiyana. Loweruka lililonse ndimakhala pakhonde ndi ana atatu a achemwali anga. Tsiku loyamba ndinalemba "ma" kanayi pakatoni, chifukwa tanthauzo lake limasintha mawu akamakwera kapena kutsika: mā ndi mayi, mǎ ndi hatchi. Anangondiyang'ana. Kenako ndinawafunsa kusiyana kwa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ndi mtengo wa sopo kugolosale. Wamng'ono anatchula mawu onse awiri mokweza, n'kuseka yekha. Makutu athu anazolowera kale kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo poyambira pake ndi pamenepo.

Zilembo ndiye zikundivutabe, ndimalemba khumi usiku uliwonse. Yankho likabwera ndidzakuuzani.