Alamu yapenga, njinga ikukana kulira: tiichotse bwanji osawononga mawaya?

Makaniko wa pa Kamwendo:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi njinga ya kabaza pano, 150cc ya ku China, ya sitata ndi kiki. Ili ndi alamu ija ya rimoti yoliza nayo injini, yopanda dzina, anaiika kale kwina. Usiku imangolira yokha popanda woikhudza, batire ya 7Ah ikumatha m'masiku awiri njinga ili chiimire, ndipo kuyambira dzulo pa pulagi palibe moto. Ndikaika batire ina sitata ikuzungulira bwinobwino, koma injini zii. Pulagi ndasintha, koyilo ndayesa ina. Mwini wake akuti alamuyo ingochotsedwa. Ndati ndisanagule CDI, kabokosi kotumiza moto ku pulagi kaja, ndifunse kaye kuno.

Wa magetsi a njinga, Mchinji boma:
Musagule kaye CDI achimwene, ndalama ya kasitomala ingapite pachabe. Alamu zimenezi sizimangolira, zimagwiranso waya wozimitsira injini. Pa njinga zambiri za ku China wayayo ndi wakuda wamzere woyera, amachoka pa kiyi kupita pa CDI. Akagunda ethi, kutanthauza felemu ya njinga, moto wa pa pulagi umazima.

Zulani pulagi ya mawaya a CDI. Kiyi ikhale ON, switchi yofiira ya pa handulo ikhale pa RUN. Mita yoyezera magetsi muiike pamalo paja pamene imalira mawaya akalumikizana, chala chimodzi pa waya wakuda ndi woyerayo, china pa felemu pamalo popanda penti. Isalire. Ikalira, zulani pulagi ya alamu muyesenso. Ikasiya, wakuba wapezeka.

Za batire, chotsani waya wa negetivi, mita ikhale pakati pa wayayo ndi mutu wa batire, kiyi ili OFF. Yambani pa 10A kenako mutsikire pa 200mA. Musakhudze sitata mita ili pamenepo, fyuzi ya mita ipsa nthawi yomweyo. Alamu yabwino imadya pang'ono kwambiri, osafika ngakhale 10mA.

Mnyamata wa pa garaja, Kapiri:
Madala, bwanji osangodula waya wofiira wa alamu basi? Ikasowa magetsi ifa yokha.

Wa magetsi a njinga, Mchinji boma:
Kulira isiya, inde. Koma bokosilo likhalabe pakati pa kiyi ndi CDI. Ngati relay ya m'kati, kaswitchi kotsegula ndi kutseka magetsi kaja, inamatirira, kapena madzi anapanga dzimbiri lolumikiza wayayo ndi ethi, moto subwera ngakhale udule wofiira. Ndipo ukabwera lero, mvula yotsatira vuto lidzabwereranso, mwina njinga ili pa msewu wa ku Mkanda itanyamula munthu ndi thumba la mtedza. Komanso mbali ya waya wofiira yotsalira ku batire ili ndi magetsi nthawi zonse. Ikakhudza felemu pansi pa thanki, ndi moto weniweni umenewo. Kuchotsa ndi kuchotsa, mphwanga.

Makaniko wa pa Kamwendo:
Ndayesa. Mita yalira, nditazula alamu yasiya. Ikudya 85mA kiyi ili OFF, popanda alamu ikuwerenga ziro. Bokosi analiika kuseri kwa kavala ya m'mbali, pulagi kuyang'ana kumwamba, mapini onse abiriwira ndi dzimbiri. Ndaponda kiki alamu itazulidwa, njinga yalira pa kiki yoyamba. Koma tsopano ndikatembenuza kiyi kupita OFF sikuzima. Ndazimitsa poika giya.

Mkulu wa garaja ku Mkanda:
Zikuyenda bwino mwana wanga, musadandaule. 85mA pa maola 24 ndi 2Ah, ndiye masiku awiri batire ya 7Ah yatsika kupitirira theka. Nkhani ya batire yadziwika.

Kusazimako kukutiuza zinthu ziwiri. CDI yanu ndi ya AC, imene imatenga mphamvu ku magineto, ndipo woika alamu anadula waya wakuda ndi woyera uja. Anachita dala, chifukwa rimoti singalize injini kiyi ili OFF ngati wayayo akadali wolumikizika ku kiyi. Ndiye mbali imodzi anailumikiza ku waya wa pinki wa alamu, ina ku wotuwa. Mwazula bokosi, mlatho wachoka, kiyi ilibenso njira yofikira ku CDI. Ntchito yonse yagona pa kupeza pamene anadulapo n'kubwezeretsa.

Ikanakhala CDI ya DC, imene imadya 12V kuchokera ku kiyi, zikanakhala zotembenuka: amadula waya wopereka magetsi, ndiye mukazula alamu moto sukhalapo n'komwe mpaka mutalumikiza. Anyamata ambiri amasokonezeka apa n'kuyamba kusintha magineto yabwinobwino. Kuti mudziwe mtundu wake, tsegulani kiyi muyese mapini a pulagi ya CDI. Mukapeza 12V pa pini imodzi injini isanalire, ndi ya DC.

Chotsani negetivi ya batire poyamba, kenako mpando ndi thanki kuti muziona bwino. Jambulani ndi foni musanakhudze kanthu. Tsatirani waya aliyense kuchokera ku bokosi la alamu mpaka pamene walowera m'mawaya a njinga, umodziumodzi, osati kukoka onse pamodzi. Kawirikawiri zimakhala motere:

Wofiira amapita ku pozitivi ya batire kapena ku wofiira wa pa kiyi, nthawi zina ndi kafyuzi kake.
Wakuda wa alamu ndi ethi.
Achikasu awiri amapita ku maindiketa, wa olenji kumanzere ndi wabuluu wowala kumanja.
Wa olenji wa alamu amapita ku waya wakuda wa njinga.
Wabuluu amapita ku relay ya sitata, pa waya wachikasu wamzere wofiira.
Wa pinki ndi wotuwa ndi aja a podula.

Onse kupatula awiri omalizawo anangowakoleka pa waya wosadulidwa, ndiye mumangomasula n'kutseka pamene anasendapo. Koma mitunduyi musaikhulupirire ngati Malemba, makampani amasiyana, mita ndiyo inene. Ndipo chenjerani kwambiri ndi wakuda. Pa alamu wakuda ndi ethi, koma pa njinga za mtundu umenewu ethi ndi wobiriwira, wakuda amanyamula 12V kiyi ikatsegulidwa. Mukawaphatikiza poganiza kuti wakuda apite kwa wakuda mnzake, fyuzi ipsa, ndipo ngati m'malo mwa fyuzi wina anamangapo kawaya, mtolo wonse wa mawaya usungunuka.

Mayi wa sitolo ya masipeyala, Mchinji boma:
Bambo, musanasende tepi yambani mwaona ngati alamuyo sinalowe pa pulagi yake ya njinga. Njinga zina zimabwera ndi pulagi ya alamu kuchokera ku fakitale, kuseri kwa nyali kapena pansi pa mpando, ili ndi kawaya kopinda kolumikiza mapini awiri. Woika alamu amachotsa kawayako. Ngati zili choncho palibe chodula, mungobwezera kawaya pa mapini awiri a waya wozimitsira. Ndiponso kwa ena amene alamu yawo yangokana kutsegula koma ili bwino, yambani ndi batire ya rimoti. Zambiri ndi 27A kapena 23A ya 12V, zina ndi CR2032. Imalembedwa pa batire pomwepo.

Makaniko wa pa Kamwendo:
Zikomo mayi. Iyi ilibe pulagi ya fakitale, anachita kusenda. Podulapo ndapapeza pansi pa thanki, pafupi ndi koyilo, anangopota ndi manja n'kukulunga tepi. Mbali ya ku CDI yatsala yaifupi, siikufika.

Wa magetsi a njinga, Mchinji boma:
Musaikoke. Onjezerani kachidutswa ka waya wonenepa mofanana, masentimita khumi akwana, ndipo ngati muli ndi wakuda wamzere woyera wa pa mawaya akale gwiritsani womwewo kuti wodzakonza m'tsogolo asavutike. Lowetsani kaye kachubu kofota ndi moto kaja, palani waya mpaka kopa awale, potani, wotcherani ndi solder, kenako kokerani kachubu pamwamba n'kukatenthetsa. Kupota kokha sikulimba pa misewu yathu yafumbi, kugwedezeka kumamasula ndipo tepi ikamva kutentha kwa injini imasiya kumata. Pamene anasenda mawaya enawo muyang'ane timawaya ta m'kati. Ngati tambiri tinaduka, dulani mulumikize mwatsopano, makamaka wofiira. Sairini ichokenso. Mukatha mangani mtolowo ndi tizingwe ta pulasitiki, usakhudze hedi ya injini kapena kukanikizidwa ndi thanki, ndipo mupinde handulo uku ndi uku muone ngati pali waya wokoka.

Yesaninso maindiketa. Alamu ikaonongeka m'kati imatha kulumikiza mbali ziwirizo, mukayatsa kumanzere onse anayi n'kumaphethira. Ikachoka zimenezo zithe.

Mkulu wa garaja ku Mkanda:
Batire muitchaje kaye, muisiye ipume ola limodzi, iwerenge 12.6V kapena pafupi. Ikamatsika pansi pa 10V mukadina sitata, yatopa chifukwa cha kuphweraphwera kuja. Injini ikulira, mukakweza mafuta pang'ono, pa batire pazikhala pakati pa 13.5 ndi 14.5V. Ikadutsa 15V regulator, yoletsa magetsi kupyola muyeso ija, yafa, ndipo mwina ndi imene inathandiza kuwotcha alamuyo. Mwini wake mumuuze kuti njinga tsopano ilibe chitetezo, agule loko ya tcheni lero lomwe.

Makaniko wa pa Kamwendo:
Zatheka akuluakulu. Kiyi ikuzimitsa, switchi yofiira ikuzimitsa, maindiketa ali mbali yakeyake. Kiyi ili OFF mita ikuwerenga ziro, ikulira ikupereka 14.1V. Pa fyuzi ndapezadi kawaya, ndaikapo ya 15A monga zalembedwa pa kabokosi kake. Batire ikutsika kufika 9V pa sitata, ndiye mayi ndituma mwana mawa m'mawa adzatenge ya 7Ah.