Tiwatengere Amayi ku Simon's Town

Achemwali: Mwadzuka bwanji nonse? Kwatsala milungu iwiri kuti Amayi abwerere ku Dedza, koma chibwerereni akungodziwa khitchini ya kuno ku Wynberg, mu Cape Town muno, ndi tchalitchi basi. Zikundiwawa. Loweruka likudzali tiwatengere ku Simon's Town.

Malume: Mwaganiza bwino. Koma tipite pa sitima. Ikangodutsa Muizenberg, njanji imayenda m'mphepete penipeni mwa nyanja, mafunde akuswekera pamiyala pafupi ndi windo. Popita, mlongo wangayo mumukhazike mbali ya kumanzere.

Alamu: Malume, nthawi zina mphepo imakwirira njanji ndi mchenga kutsogolo kwa Fish Hoek. Ndifufuza Lachisanu. Zikavuta tikatsikira pomwepo n'kukwera minibasi.

Chitsirizira: Ine changa ndi ma penguin a ku gombe la Boulders! Amayi, ndi mbalame zosauluka, zimayenda dzadidzadi ngati mwana wongophunzira kuyenda, kulira kwake ngati bulu. Zinayamba kukhala pagombepo mu 1982, koma mtundu wake ukutha, n'chifukwa chake anthu amaziona atayima pa timilatho ta matabwa. Ana asakazigwire, zimajompha.

Achemwali: Aliyense atenge pasipoti. Pageti, ife a mayiko a SADC tili ndi mtengo wathu wotsikirapo, koma popanda chiphaso amakulipiritsa ngati wochokera kutsidya kwa nyanja.

Malume: Mbalamezo n'zabwino, koma tisathamange. Tauni imeneyi ndi doko la asilikali apamadzi. Angerezi anasungapo zombo zawo zankhondo kuyambira 1814 mpaka 1957 pamene analipereka kwa South Africa, ndipo zombo zotuwazo mumaziona muli pamsewu. Pa Jubilee Square pali chiboliboli cha galu, Just Nuisance. Ankakwera sitima ndi asilikali, a njanji n'kumaopseza kuti amupha, ndiye mu 1939 anangomulemba usilikali kuti azikwera mwaulere. Adzukulu akajambulitse pamenepo.

Achemwali: Mayi wina wachikulire kuntchito kwathu anabadwira komweko. Tauniyo italengezedwa kuti ndi ya azungu okha mu 1967, banja lawo linasamutsidwira ku Ocean View. Akamafotokoza amagwetsa misozi mpaka lero. Ndikufuna ana akamvenso zimenezo, asakangoona nyumba zokongola.

Alamu: Ine ndiphika mpunga ndi nkhuku Lachisanu usiku. Wamkulu aliyense asonkhe R200 ya matikiti ndi pageti, za Amayi tigawana. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, dera lija kuli anyani olanda m'manja.

Amayi: Zikomo ana anga, akundilembera ndi mdzukulu. Galuyo ndikamuona. Koma ine ndikufuna ndikapondemo m'madzimo ndi mapazi angawa, ndilawe ngati alidi amchere. Mundipezere kabotolo, anzanga a ku chigwirizano anandituma.

Malume: Mlongo, amazizira kuposa a ku Salima. Mutenge juzi ndi chitenje chapadera.

Achemwali: Botolo lilipo, Amayi. Tikumane pa siteshoni ya Wynberg 8 koloko m'mawa. Chitsirizira, usagonereze.