Boyila ya nkhuni ikuwira panja koma m'nyumba muli zii, ndalakwitsa pati?

Pulambala wa ku Dedza: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndithandizeni nzeru ntchito ina yandikanika kuno. Kasitomala wanga ali ndi mayi ake okalamba, chaka chatha mu June anagona ndi mbaula m'chipinda chotseka mpaka anakomoka, mwayi anawapeza msanga, nde chaka chino anandipempha ndiwapangire chotenthetsera nyumba choti moto uzikhala panja. Ndinamanga ng'anjo ya njerwa kuseri kwa khitchini, pamwamba ndinagoneka diramu ya malita 200 monga timapangira Rhodesian boiler ya madzi osamba ija, kenako mapaipi a GI (achitsulo) a hafu inchi mpaka m'zipinda zitatu, marediyeta (zitsulo zodutsamo madzi otentha zotenthetsa chipinda) ndinawotcherera ndekha ndi square tube. Kuchoka pa ng'anjo kufika chipinda choyamba ndi mamita 12. Tikasonkha moto madzi mu diramu akuwira mpaka kumveka gu gu gu ngati wina akumenya ndi hamala koma marediyeta ali zii, paipi ikutentha mamita awiri oyamba basi. Dzulo ndaona kuti diramu yatupa mbali imodzi.

Madala a ku Zomba: Achimwene, zina zonse zidikire kaye. Zimitsani moto umenewo lero ndipo muwauze eni nyumba asayatsenso olo kuzizire bwanji. Diramu ikatupa ndiye kuti nthunzi ilibe potulukira. Vent, paipi yotseguka yotulukira nthunzi, munaika? Madzi akulowa kuchokera kuti?

Pulambala wa ku Dedza: Vent sindinaike madala, ndimaopa kuti kutentha kuzithawira pamenepo. Madzi akuchokera ku thanki ya pa stand, mamita 3 pamwamba pa diramu, ndinaikapo non-return (valavu yoletsa madzi kubwerera) ndi gate valve yotsekera.

Madala a ku Zomba: Apo ndiye pandiopsa. Non-return ija yatseka njira yokhayo yomwe madzi akanabwerera. Madzi akatentha amafufuma, malita 200 ozizira akafika pafupi kuwira amawonjezera pafupifupi malita 8, nanga malita 8 amenewo apite kuti mu diramu yotseka? Ndipo akasanduka nthunzi lita imodzi yokha imafuna malo a malita pafupifupi 1,700. Uko kwanu ku Dedza ndi kumtunda, madzi amawira asanafike ndi pa madigiri 100, cha m'ma 95 awira kale. Diramu ya mafuta chitsulo chake ndi cha milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, anaipangira kusunga zinthu osati kupirira presha. Ikang'ambika pa msoko madzi owira amenewo akathira amene akusonkha moto, nthawi zambiri amakhala mwana kapena wantchito. Chotsani non-return, ndipo pakati pa boyila ndi vent pasakhale valavu iliyonse, olo imodzi.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Kuwonjezera pa za madala, olo popanda nthunzi thanki ya mamita 3 ija payokha ikukankha chivindikiro cha diramu ndi mphamvu yoposa makilo 700, chifukwa chivindikirocho ndi chafulati komanso chachikulu, pafupifupi masentimita 57 mulifupi. Ma diramu ambiri amene ndawaona atatupa ndi chimenechi. Koma funso langa aise, ng'anjoyo ili kumtunda kapena kumunsi kwa nyumba? poti ku Dedza malo ambiri ndi otsetsereka

Pulambala wa ku Dedza: Ili kumtunda. Ndayeza ndi paipi ya levulo, pansi pa diramu pali pamwamba kuposa marediyeta ndi mita imodzi kapena kuposa. Ndinaika kumeneko chifukwa ndi komwe amasunga nkhuni.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Basi vuto lanu lapezeka. Madzi otentha ndi opepuka, amakwera, ozizira ndi olemera amatsika. Popanda pampu madzi amazungulira okha pokhapokha moto uli pansi marediyeta ali pamwamba. Inu mwaika otentha pamwamba kale nde atsikirenji? Akungokhala mu diramu nkumawira, ozizira akungokhalanso m'marediyeta. Boyila ya madzi osamba imagwira olo ili kumtunda chifukwa munthu akatsegula mpopi thanki imakankha, apa palibe akutsegula mpopi, madzi ake ndi omwewo ozungulira.

Mayi wa za sola, Lilongwe: Bwanji osangoika kapampu ka circulation pa paipi yobwerera? Kalipo ka 12V kodya magetsi ochepa, batire imodzi ndi panelo kakwana, ng'anjo osaigwetsa. Mungoonetsetsa kuti ndi ka madzi otentha, timapampu ta madzi ozizira tija timafa msanga.

Madala a ku Zomba: Pampu imagwiradi mayi, sindikukana, ndipo pamene malo sakulola ine ndimaika. Koma nyumba iyi muli agogo ndipo moto uziyaka usiku anthu ali mtulo. Batire ikatha 2 koloko usiku moto sudziwa, upitiriza kuyaka, madzi aima ndipo awira. Vent ikakhalapo palibe chophulika koma madzi atayika, diramu ikhala pa moto ili theka, m'chipinda muzizira nthawi imene kumazizira kwambiri. Malo otsetsereka ndi mphatso pa ntchito imeneyi, njerwa ndi zomwezo, ingosamutsani ng'anjo ipite kumunsi kwa nyumba. Nkhuni anganyamule.

Kayalidwe kake nkotere achimwene. Paipi yotentha ichoke pamwamba penipeni pa boyila ndipo izikwera njira yonse osatsika olo pang'ono mpaka pamalo okwera kuposa onse, pamenepo ndi pomwe muike vent yotseguka yopindikira mu kathanki kakang'ono ka ball valve (kodzidzaza kokha madzi akachepa). Kuchoka apo itsikire m'marediyeta, ilowe pamwamba ituluke pansi, yobwerera izitsika mpaka pansi pa boyila. Pakakhala pamene paipi yakwera nkutsikanso ngati msana wa ng'ombe pamakhala mpweya, ndipo kampweya kochepa kamaimitsa zonse chifukwa mphamvu yokankha madzi apa ndi yochepa zedi. Nchifukwa chakenso hafu inchi siingathe pa mamita 12. Mapaipi akuluakulu awiriwo akhale inchi imodzi ndi kota, nthambi zopita ku rediyeta three quarter, ma elbow achepe. Paipi ya pulasitiki ya PVC isayandikire, imafewa madzi akangopitirira madigiri 60.

Wa pa famu, Free State ku South Africa: Boyila yotereyi kuno amaitcha donkie, pafamu pomwe ndimagwira ilipo ndipo kuno chisanu chake madzi amaundana m'mapaipi. Chomwe ndaphunzira ine ndi cha mapaipi apansi, mukakwirira GI m'dothi chabe ndiye kuti mukutenthetsa dothi, makamaka likanyowa. Akulungeni lagging (chofunda chosunga kutentha) kenako alowe mu paipi ya 110mm ya sewer kuti madzi asafikeko. Utuchi musayese, umanyowa komanso chiswe. China nkhuni, zaziwisi pafupifupi theka ndi madzi, moto umathera kuumitsa nkhuni ndipo utsi wake umamata phula lakuda mu chumuni lomwe tsiku lina limayaka lokha. Ziumitsidwe pansi pa denga kuyambira chaka chino za chaka chamawa.

Pulambala wa ku Dedza: Zoona, akugwiritsa zigwagwa za paini za ku macheka ndipo zina zimabwera zikudontha utomoni. Ndamva zonse akuluakulu. Nanga diramu yotupayo ndiiwongole ndiibwezeretse?

Wowotcherera wa ku Ndirande: Ayi imeneyo yatha, ikhale yotungira madzi. Ndipo poti boyila ikupita kumunsi, kathanki kadzakhala pamwamba kwambiri kuposa poyamba nde presha ikwera, diramu ina idzatupanso. Pindani plate ya 3mm, kumapeto muike zokhuthala ndi ndodo yodutsa pakati yogwira mbali zonse ziwiri, pamenepo mugona mtima uli m'malo. Muyese ndi madzi ozizira tsiku lathunthu musanayatse.

Mayi wa za sola, Lilongwe: Muwauzenso akasitomala zoona zake za kukula kwa chinthuchi. Malita 200 akatsika kuchoka pa madigiri 80 kufika pa 40 amapereka kutentha kofanana ndi mayunitsi 9 okha a magetsi, ngati hita ya 1kW usiku umodzi. Moto ukazima chimenecho ndi cha chipinda chimodzi osati zitatu. Siling'i ilimo m'nyumbamo?

Pulambala wa ku Dedza: Mulibe, ndi malata okha. Ndikambirana nawo tiyambe ndi chipinda cha agogo, tiikemo siling'i, zinazo zibwere pambuyo.

Pulambala wa ku Dedza: Akuluakulu ndabweranso patatha masabata awiri. Ng'anjo tasamutsa, pamwamba pa boyila pali pansi kuposa rediyeta ndi hafu mita, plate ya 3mm, vent ndi kathanki zili pa gebulo. Tayatsa 5 koloko madzulo, isanakwane 6 rediyeta ya agogo inali yosagwirika ndipo phokoso lija latheratu. Rediyeta yachiwiri ikutentha pansi pokha pamwamba pozizira.

Madala a ku Zomba: Ndi mpweya umenewo wakhala pakona. Boolani pakona yapamwamba, mbali yotalikirana ndi polowera madzi, muwotchererepo soketi ya kabulida (kavalavu kotulutsira mpweya), mutsegule mpaka madzi atuluke osalavula. Muchite moto utazima, madzi atazizira.